Kudya za kwathu: malangizo a kukhitchini, kumsika ndi kuseri kwa nyumba

Sabata imene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mu Novembala 2023, ndinapita kugolosale ya m'dera lathu kuno ku Lilongwe ndi ndalama zomwe masiku onse zinkakwanira mafuta ophikira, shuga, buledi ndi sopo. Ndinabwerako ndi mafuta ndi sopo basi. Madzulo ake ndinaimbira foni mayi anga kumudzi ku Ntcheu kuti ndiwadandaulire. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Pepa mwanawe. Ife kuno tadya nsima ya mgaiwa ndi mfutso wa khwanya wotendera. Zathu zili m'chikwatu, sizinakwere."

Mawu amenewo ndi amene anandiyambitsa zomwe ndikulemba pano. Chakudya chodutsa m'mafakitale ndi m'madoko chimamva chilichonse chochitika kutali. Feteleza wa urea amapangidwa ndi gasi kumayiko akunja, amabwera pa sitima mpaka ku Beira kapena ku Nacala, kenako pa malole, ndipo paliponse pamenepo amalipiridwa ndi madola. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mtengo wa fetelezayo unafika posayenera. Tirigu wa buledi ndi mandasi pafupifupi yense timamugula kunja. Mafuta ena ophikira ndi a migwalangwa ya ku Indonesia ndi Malaysia, komwe nkhalango zinagwetsedwa kuti minda yake ipeze malo, ndipo chaka chomwecho cha 2022 dziko la Indonesia linatseka kwa masabata angapo kugulitsa mafutawo kunja. Mphika wa ku Kawale unamva.

Kumunda nakonso tinamangidwa chingwe chomwecho. Kuyambira 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayamba makuponi a feteleza, mpaka pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP ya 2020, ulimi wa ambiri wakhala wa mbewu imodzi, chimanga cha haibulidi, chomwe mbewu yake umagula chaka chilichonse ndipo popanda feteleza sichikupatsa kanthu. Chikakumana ndi ntchemberezandonda, kapena namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023, kapena ng'amba ya 2024 imene inachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti muli ngozi, banja limatsala manja ali m'khosi. Akatswiri akuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wotenthetsa dziko limachokera ku kalimidwe, kasamutsidwe ndi kakonzedwe ka chakudya. Ambiri mwa mpweyawo si wathu, koma mvula yosokonekera ikugwa pa ife.

Banja limodzi silingakonze zonsezi. Lingathe komabe kumasula zingwe zina pakhomo pake, ndipo nazi zomwe ine ndakhala ndikuchita, motsatana.

Yambani ndi kope ndi cholembera

Kwa sabata imodzi musasinthe chilichonse. Ingolembani zonse zomwe zalowa m'kamwa mwa anthu a pakhomo panu, ndi mtengo wake, osaiwala kamba amene mwana wagula popita kusukulu ndi tchipisi cha pachiwaya masana. Sabata ikatha, ikani chizindikiro pa chilichonse chimene chinabwera m'paketi kapena m'botolo. Kenako yang'anani magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe azaumoyo amatiphunzitsa kusikelo: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Muone gulu lomwe likusowa. Kwathu linali la zipatso, ndipo la nyemba linkaoneka kamodzi kokha. Ndalama zomwe tinkaononga pa zoziziritsa kukhosi ndi mabisiketi zinkaposa zomwe tinkagulira masamba a sabata yonse.

Ufa

Apa ndi pamene pali nkhondo yeniyeni, chifukwa nsima yoyera tinaikonda. Koma taganizani zomwe timachita: timakonola chimanga, gaga n'kupatsa nkhuku kapena kugulitsa, mphale n'kuiviika masiku angapo, madzi ake n'kutaya. Mtima wa njere, momwe muli mafuta ndi mavitamini, umapita ndi gaga uja. Pa thumba limodzi la chimanga, ufa woyera umene umatuluka ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mgaiwa. Timalipira chigayo kawiri kuti tichotse chakudya m'chakudya.

Musadumphire pa mgaiwa tsiku limodzi, anthu adzakukanirani. Sabata yoyamba sakanizani chikho chimodzi cha mgaiwa pa zikho zitatu za ufa woyera. Pakatha masabata awiri fikani theka ndi theka. Ambiri amaima pamenepo, ndipo si zoipa. Mgaiwa mugayitse wochepa, wokwanira masabata awiri kapena atatu, chifukwa mafuta aja amauchititsa kuti uyambe fungo ukakhalitsa. Musanapite kuchigayo petani chimanga bwinobwino ndi kutola njere zonse zowola.

Ufa waphala ukhale wake wapadera. Ine ndimasakaniza mbale zinayi za chimanga ndi mbale imodzi ya soya wokazinga kale, nthawi zina n'kuwonjezera mawere kapena mapira ndikawapeza. Soya muzimukazinga mpaka anunkhire asanapite kuchigayo, wamuwisi amavuta m'mimba.

Ndiponso sikuti tsiku lililonse liyenera kukhala la chimanga. Sankhani masiku awiri pa sabata omwe chakudya chimodzi chikhale china: futali wa mbatata kapena maungu, chinangwa chophika ndi nyemba, nthochi zosapsa zophika ndi nyama monga amachitira anzathu a ku Karonga ndi mbalagha, kondowole ngati mumamudziwa. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kaphulira kapena Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wambiri ndipo imapirira mvula ikadukiza. Mapira ndi mawere ankadyetsa makolo athu chimanga chisanadzaze minda, ndipo ku Chikwawa ndi Nsanje mpaka lero ndi amene amapulumutsa anthu dzuwa likaotcha.

Nyemba ndi abale ake

Mu 2017 dziko la India, lomwe linkagula nandolo wathu wambiri, linachepetsa mwadzidzidzi kuchuluka kwa nandolo wololedwa kulowa kwawo. Mtengo unagwa, alimi a kummwera anatsala ndi matumba m'nyumba. Chimene chinandiwawa n'chakuti nthawi yomweyo ana ambiri m'dziko muno anali opinimbira. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Tinali ndi ndiwo zomanga thupi zodzaza matumba, koma tinkaziona ngati katundu wa ogula akunja.

Gulani nandolo, khobwe, nzama, nyemba ndi mtedza nthawi yokolola, pamene mitengo ili pansi, ndipo muzidye katatu kapena kanayi pa sabata. Dandaulo la aliyense ndi makala. Njira yake ndi iyi: viikani usiku wonse, m'mawa tayani madziwo, thirani ena, ndipo ziwire kwambiri kwa mphindi zosachepera 10. Zikatero mutha kuchepetsa moto. Ngati muli ndi dengu ndi bulangete lakale, phulani mphika uli wovindikira, uukulunge bwino, uikeni m'dengumo kwa maola atatu kapena anayi. Zimapsa zokha ndi kutentha komwe kwatsekeredwa. Ndinayamba ndikukayika, koma tsopano thumba la makala limatifikitsa patali. Mchere ndi tomato muike kumapeto. Nandolo ndi khobwe mutha kuzikonola n'kuphika chipere, chomwe ana aang'ono ndi okalamba amadya mosavuta.

Masamba, ndi luso lofutsa

Pamsika timathamangira kabichi ndi repu, pomwe bonongwe, chisoso, luni ndi denje zikumera zokha m'mphepete mwa mpanda, popanda feteleza kapena mankhwala. Ena amazitcha ndiwo za osauka. Ine ndimaziona ngati ndiwo zomwe nthaka yathu imadziwa. Onjezani nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada ndi therere, mupeza kuti miyezi yamvula simuyenera kugula masamba konse.

Pophika, tsukani musanadule, madzi akhale ochepa, ndipo musapsetse mpaka afiire. Soda ndi chidulo zimafewetsa msanga koma zimapha mavitamini ena, choncho zisungireni therere ndi chigwada basi. Tenderani ndi nsinjiro kapena ikani mafuta pang'ono, chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi akakhala ndi mafuta. Tiyi musamwere pamodzi ndi chakudya, amalepheretsa thupi kutenga ayironi. Chipatso chowawasa pang'ono, ngati bwemba, malambe kapena gwafa, ndicho chimathandiza.

Vuto limabwera mu Seputembala ndi Okutobala, pamene kunja kwauma ndipo kamulu ka masamba a kudimba kakwera. Apa ndi pamene mfutso umagwira ntchito, ndipo nthawi youkonza ndi Febuluwale mpaka Epulo. Ndinauphunzira ndili mwana, nditakhala pambali pa mayi anga. Ankathyola khwanya wanthete m'mawa mame atangouma, n'kumusadzula, n'kumuponya m'madzi owira kale okhala ndi mchere pang'ono. Sankachoka pamoto. Masamba akangosintha mtundu n'kukhala obiriwira kwambiri, patangopita mphindi ziwiri kapena zitatu, ankawavuula ndi chipande n'kuwakhutulira m'lichero kuti akhe madzi. Kenako ankawamwaza pa mphasa mopyapyala, ndipo ntchito yanga inali yoingitsa nkhuku.

Chomwe ndasintha ine n'chimodzi: ndimayanika pamthunzi podutsa mphepo, pakhonde kapena pansi pa shedi, osati padzuwa la phwee, chifukwa dzuwa limachotsa mtundu ndi mavitamini. Mphasa ikhale pathandala, osati pansi. Muziwatembenuza kawiri patsiku. Auma mukamawafinya m'manja n'kumathetheka. Mukawasunga ali ndi kachinyezi kochepa kokha achita nkhungu, ntchito yonse n'kupita pachabe. Mayi anga amakulunga m'masamba a masuku, n'kumanga ndi luzi, n'kupachika chikwatu kudenga la khitchini komwe utsi umathamangitsa tizilombo. M'tauni chidebe chotseka bwino kapena botolo louma zimakwanira. Bowa, therere wodula, maungu ndi mango odula mopyapyala zimaumanso chimodzimodzi, kungoti izi siziyenera kuwiritsidwa zonse. Mango amangoyanikidwa.

Pophika mfutso, uviikeni kaye m'madzi ofunda kwa kanthawi, muphike ndi madzi omwewo.

Zanyama

Nkhuku yachizungu imakula m'masabata asanu ndi limodzi pa chakudya cha chimanga ndi soya, ndipo mtengo wake umayenda ndi mtengo wa mbewuzo. M'makola ena imamwetsedwa mankhwala pafupipafupi. Sindikunena kuti musaidye. Ndikunena kuti nyama ya tsiku ndi tsiku isakhale soseji ndi poloni. Dzira, usipa, matemba, nkhuku yachikuda apo ndi apo, ngumbi ndi mphalabungu nthawi yake, zimakwanira. Usipa timadya ndi minga yomwe, ndipo ndi mmene timapezera zolimbitsa mafupa. Usinjeni wouma n'kuthira supuni imodzi m'phala la mwana.

Pogula nsomba kanani tiana ta chambo, timene timatchedwa kasawala. Timagwidwa ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, ena ndi masikito omwe, ndipo ndi njira imeneyi imene inathandiza kuti chambo chithe m'nyanja ya Malombe. Anthu a ku Salima, pa chilumba cha Mbenje, akhala akutseka usodzi miyezi yamvula kwa zaka zambiri motsogozedwa ndi mfumu yawo, ndipo nsomba zikupezekabe. Ogula tikasiya kugula tianato, asodzi adzasiya kutigwira.

Kabokosi ka mwana

Botolo limodzi laling'ono la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi asanu ndi awiri kapena kuposerapo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni pafupifupi 12 a shuga patsiku, ndi mchere wosapitirira magalamu 5. Tipaketi ta kamba, tizakudya tophika mphindi ziwiri ndi timibulu tokometsera ndiwo tadzaza mchere. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, omwe kale tinkati ndi a mabwana, lero ali m'mudzi uliwonse.

Mwana musamulande popanda kumupatsa china. Mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chikondamoyo, zitumbuwa, mbuliwuli zokazinga panyumba, nthochi, masuku, masawu. Zakumwa: thobwa, kapena madzi a malambe kapena bwemba othira shuga wochepa. Wanga wamng'ono anabwera tsiku lina atakwinya nkhope, akuti anzake amuseka chifukwa cha mbatata. Tinakhala pansi, tinagwirizana kuti Lachisanu azitenga chimene akufuna, masiku enawo za kunyumba. Patapita mwezi anayamba kupempha chikondamoyo chowonjezera, chifukwa anzake omwe aja ankamupempha.

Kumsika

Gulani zomwe zili m'nyengo yake, kwa amayi a pamsika ndi alimi obwera pa njinga, ndalama izungulire pafupi. Tomato wokhala ndi ufa wotuwa kapena wobiriwira pakhungu wapoperedwa posachedwa, msiyeni, ndipo wina aliyense mutsukeni ndi madzi ambiri. Nyamulani dengu kapena chikwama chanu. Majumbo opyapyala boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma akadali mbwee m'ngalande, ndipo mbuzi zikuwameza.

Chuku

Ichi musachidumphe, chifukwa kudya za kwathu kopanda ukhondo kungathe kupweteka. Chuku ndi poizoni wochokera ku nkhungu imene imagwira mtedza ndi chimanga zikakhala ndi chinyezi. Samatha ndi kukazinga kapena kuphika, amaononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa. Chizolowezi chathu choipa n'chakuti mtedza wabwino timagulitsa, wonyala ndi wowola n'kusinja nsinjiro za ana. Siyani zimenezo. Tolani njere iliyonse yofota, yosweka, yakuda kapena yowawa, muikwirire. Nkhuku musaipatse. Posenda mtedza musauwaze madzi kuti makoko afewe, ndipo usungeni uli m'makoko mpaka nthawi youfuna. Nsinjiro sinjani nokha ngati mungathe.

Chimanga chiume mpaka njere izilira mukailuma. Matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala, ndipo mukawasamala amagwira ntchito zaka zingapo. Tulutsani mpweya, mangani pulasitiki iliyonse payokha, ikani thumba pamatabwa lisakhudze khoma.

Kuseri kwa nyumba ndi kumunda

Ngakhale muli pa lendi, malo a masaka atatu alipo. Dzazani thumba ndi dothi losakaniza ndi manyowa, boolani m'mbali, bzalani mpiru, bonongwe kapena anyezi, muzithirira ndi madzi otsukira mpunga ndi masamba. Makoko a mbatata, zotsalira za masamba, phulusa ndi masamba ogwa musaotche. Kumbani kadzenje, muziika mosanjikiza zouma ndi zaziwisi, kadothi pamwamba, kuwaza madzi, kutembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu. M'miyezi iwiri kapena itatu muli ndi manyowa. Amene ali ku Chitedze kapena pafupi aone zomwe a Never Ending Food akhala akuchita kumeneko kwa zaka zoposa 20, pakhomo pomwe pamamera zakudya zamitundumitundu chaka chonse.

Amene muli ndi munda, musataye feteleza tsiku limodzi, nthaka yozolowera ingakuchititseni manyazi. Mchepetseni pang'onopang'ono uku mukudyetsa nthaka. Mapesi musatenthe, agonekeni m'munda. Bzalani nandolo pakati pa mizere ya chimanga, kapena nandolo ndi mtedza pamodzi chaka chino, chimanga n'kubwerapo chaka chamawa. Mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba imasiya chonde chomwe tikanagula m'thumba, ndipo alimi a ku Ekwendeni akhala akuchita zimenezi kuyambira cha m'ma 2000 pansi pa bungwe la Soils, Food and Healthy Communities. Mtengo wa msangu ukamera m'munda musaudule. Umayoyola masamba nthawi yamvula, choncho suphimba mbewu, ndipo chimanga cha pansi pake chimaoneka chokha kubiriwira. Mtengo wa gliricidia umachitanso bwino mukamaudulira n'kukwirira masamba ake.

Feteleza wochepa amene mwapeza mutha kumuchulukitsa popanga manyowa a Mbeya: kusakaniza feteleza ndi gaga, phulusa ndi ndowe zouma zosefa, kuwaza madzi kuti zingochita chinyezi, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, n'kusiya pamthunzi masiku 21. Miyeso yake funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, safunsa anadya phula. Pomasula thumbalo nkhope ikhale kumbali, fungo lake limalasa m'maso.

Chomaliza ndi mbewu. Gawo lina la munda lisiyireni chimanga chamakolo, chomwe chimalimba kwa anankafumbwe ndipo mutha kubzalanso chaka ndi chaka. Chibzaleni patali ndi haibulidi kuti zisakwatirane. Pokolola sankhani zisononkho zazikulu za pakati pa munda, muzipachike kukhitchini pamwamba pa moto. Nthanga za maungu okoma muzitsuke, muziyanike, muzisunge m'botolo ndi phulusa pang'ono. Bonongwe ndi luni, siyani mitengo iwiri kapena itatu ikhwime osaithyola. Ngala zikauma, zipukuseni pa lichero, petani, ikani m'kapepala ndipo lembani dzina ndi chaka. Kapepala kamodzi kamakwanira inu ndi aneba awiri, ndipo mvula yoyamba ikagwa mungomwaza pomwe panali dzenje la manyowa lija.